Boti langa likuima pakati pa dziwe: masabata atatu ndikufufuza batire

Loweruka, sabata loyamba

Lero boti langa laling'ono loyendetsedwa ndi rimoti laima pakati pa dziwe patangotha mphindi 6. Kale linkayenda mphindi 25 osatopa. Mwamwayi kamphepo kanalikankhira kugombe, koma mtima unali m'mwamba nthawi yonseyo, chifukwa botili ndinalipanga ndekha kwa miyezi yambiri.

Batire lake ndi la NiMH, mtundu wa mabatire otchajidwanso, la maselo 6 (timabatire ting'onoting'ono) olumikizidwa mondondozana, 7.2V, 3000mAh (muyeso wa moto umene limasunga). Linakhala m'kabati miyezi 5 osagwiritsidwa ntchito. Usiku wa dzulo ndinalitchaja, tchaja inalira kuti ladzaza, ndipo mita inaonetsa 8.3V. Ndinakhulupirira nambala imeneyo. Tsopano ndaona kuti voteji ya batire lomwe langokhala phee siinena zambiri za moto umene lili nawo. Batire lodwala limathanso kuonetsa nambala yabwino malinga ngati palibe chimene chikukoka magetsi.

Lachiwiri

Ndayamba ndi tchaja. Tchaja ya NiMH imadziwa kuti batire ladzaza poona katsikidwe kakang'ono ka voteji, ma millivolt ochepa chabe pa selo lililonse, kamene kamabwera selo likakhuta n'kuyamba kutentha. Batire likagona nthawi yaitali, voteji yake imatha kukwera ndi kutsika mosokonekera kumayambiriro, tchaja n'kuganiza kuti ntchito yatha. Nditayang'ana zimene tchaja inasunga, ndapeza kuti usiku uja inangolowetsa 900mAh. Ndiye kuti ndinapita kudziwe ndi batire losadzaza.

Ndalitchaja pang'onopang'ono, 300mA kwa maola 15, womwe ndi mlingo wa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake. Kutchaja kotere kumapatsa mpata maselo otsalira kuti apezane ndi anzawo, pomwe odzaza kale amangofunda pang'ono osawonongeka. Kenako ndalikhuthula pa 1A mpaka 6.0V, kutanthauza 1.0V pa selo. Latulutsa 1700mAh. Zasinthako, koma sizinafike pamene ndimafuna.

Lachisanu

Apa m'pamene ndapeza vuto lenileni. Ndang'amba pulasitiki yokutira batire kuti ndifike pa selo lililonse palokha. Ndalumikiza babu la kutsogolo la galimoto kuti lizikoka magetsi ngati mota, kenako n'kumayeza selo limodzilimodzi babu likuyaka. Maselo 5 anakhazikika pafupi ndi 1.2V. Selo lachinayi kuchokera ku waya wofiira linayamba pa 1.15V, patapita mphindi zingapo linali pa 0.9V, kenako linagwa mofulumira kufika 0.4V. Nditachotsa babu, linabwerera pamwamba pa 1.1V ngati kuti palibe chachitika. N'chifukwa chake mita yokha sinandiuze kanthu.

Selo lotere ndi loopsa kwa batire lonse. Popeza maselo ali pamzere umodzi, magetsi onse amadutsa mwa lililonse. Lofookalo likatha moto, anzake aja amapitiriza kukankha magetsi kudzera mwa ilo, mpaka mbali zake zimatembenuka, ya pozitivu n'kukhala ngati negativu. Zikatero mkati mwake mumapangika mpweya, kavalavu kake kamatseguka, ndipo selo limauma pang'onopang'ono. Pamutu pa selo langali pali kaufa koyera, chizindikiro choti linatulutsapo kale za mkati. Ndikukumbukira masiku amene boti likayamba kufooka ndinkalikakamiza kuti lizungulirenso kamodzi. Ndikuganiza kuti m'pamene ndinalipweteka.

Lolemba, sabata lachiwiri

Ndapezanso vuto lina lomwe sindimaliyembekezera. Pofuna kuchotsa selo lija ndinasenda waya wakuda, wa negativu, ndipo kopa wa mkati mwake ndi wakuda bii, wothetheka, sodala (chitsulo chosungunula chomatira mawaya) sakugwira ngakhale pang'ono. Ndinasenda chapatsogolo, chimodzimodzi, mpaka ku pulagi. Waya wofiira uli bwinobwino, kopa wake akuwala. Matenda amenewa amadziwika pa mabatire a NiCd (mtundu wakale wofanana ndi NiMH) ndi NiMH osungidwa pachinyezi, ndipo amakonda waya wa negativu. M'boti chinyezi sichisowa. Ngakhale madzi asalowe ooneka ndi maso, ukatseka chivundikiro ukangochoka kudziwe, nthunzi imatsalira mkati.

Waya wotere sakonzeka, ndautaya wonse. Ndasinthanso pulagi ya mtundu wa Tamiya yomwe inabwera ndi batire, ndaika ya mtundu wa XT60. Ya Tamiya inkatentha boti likayenda, ndipo kutentha kumeneko ndi moto wa batire womwe ukutayikira panjira usanafike ku mota.

Lachinayi

Mnzanga wina amene timayendetsa naye maboti wandiuza kuti ndingosiya zonsezi ndigule batire la mtundu wina lotchedwa LiPo. Mfundo yake ndi yomveka: LiPo ya maselo 2 imapereka 7.4V, ikadzaza 8.4V, ndi yopepuka, ndipo voteji yake siigwa msanga mota ikakoka kwambiri. Pa boti la mpikisano sindikanatsutsa. Koma langa ndi lokoka maboti ena, loyenda modekha, ndipo kulemera kwa batire n'kumene kumalikhazika bwino m'madzi. Nditaika lopepuka ndiyenera kuwonjezera mtovu pansi. Komanso ESC yanga, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, ndi yakale, ilibe chodulira magetsi voteji ikatsika. Selo la LiPo siliyenera kutsika kupitirira 3.0V, ndipo boti likakhala kutali sungadziwe kuti lafika pati.

Anandionetsa LiPo yake ina yotupa ngati kapilo, n'kufunsa ngati ingagwirebe ntchito. Ndamuuza kuti asaitchajenso ndipo asaiboole. Anaisunga yodzaza pa 4.2V kwa miyezi, pomwe yosungidwa imafunika kukhala pafupi ndi 3.8V pa selo. Mabatire amenewa akayaka moto wake ndi wovuta kuzimitsa, ndipo zinandidetsa nkhawa kumva kuti amaisunga m'chipinda chogona.

Loweruka, sabata lachitatu

Ndaika selo latsopano la 3000mAh m'malo mwa lakufa lija. Ndikudziwa kuti kusakaniza latsopano ndi akale si njira yabwino kwenikweni, chifukwa akalewo adzayamba kutha moto latsopanolo likadali ndi mphamvu. Koma maselo 5 aja nditawayeza payekhapayekha anatulutsa pakati pa 2500 ndi 2650mAh, ndipo kuwataya kunandiwawa. Powotcherera ndinakwecha mitu ya maselo ndi sandipepa, n'kugwiritsa ntchito chowotchera chotentha bwino kwa masekondi ochepa, chifukwa kutentha kokhalitsa kumawononga selo.

Nditatchaja pang'onopang'ono ndi kukhuthula kawiri, batire latulutsa 2480mAh. Kudziwe boti layenda mphindi 20, ndipo ndalibweza kugombe nditangomva kuti kulira kwa mota kwayamba kutsika. Pulagi inali yozizira, batire lofunda pang'ono chabe. Nditafika kunyumba ndalitulutsa m'boti, ndasiya chivundikiro chotsegula kuti muume, ndipo ndalemba manambala 1 mpaka 6 pa maselo kuti ndizitha kuwatsata.

Selo lachiwiri ndi limene latsika kwambiri pa kuyeza kwa lero, 1.12V babu likuyaka pomwe anzake ali pa 1.18V. Ndiliyezanso boti likayenda maulendo ena 5.