Zikomo kwa amene anandiphunzitsa mwezi wa 13

Dzulo madzulo tinatsegula fomu ya pa intaneti yolembetsera maphunziro, imene ndinkakonza kakalendala kake kosankhirapo tsiku, ndipo kufikira m'mawa uno palibe amene waimba foni kudandaula kuti kakalendala kamusokoneza. Ndikulemba ndisanagone mokwanira, choncho mundikhululukire ngati mawu ena atuluka mopanda dongosolo, koma sindikufuna kuti dzuwa lilowe ndisanathokoze Mulungu, pamodzi ndi anthu amene anasenza nane katunduyu miyezi inayi yonseyi.

Ambiri a inu mukudziwa mmene zinayambira. Ophunzira ena anafika pa 4 Malichi pamene maphunziro anali a pa 3 Epulo, chifukwa kakalendala kosankhirapo tsiku, kamene anzathu amakatchula kuti date picker, kanalemba 04/03 motsatira chizolowezi cha ku America chotsogoza mwezi, pamene ife kuno timatsogoza tsiku. Anthuwo anawononga ndalama zoyendera, ndipo amene anapepesa pamaso pawo ndine. Akuluakulu a kuntchito atandiuza kuti ndikakonze kuti kazigwira ntchito ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Ethiopia, ndinayankha modzidalira kuti imeneyo ndi ntchito ya milungu iwiri, chifukwa ndinkaganiza kuti ndingomasulira maina a miyezi ndi a masiku basi.

Amene anandichotsa maganizo amenewa ndi mayi wina wa ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia, wolemba mapulogalamu ngati ine, amene sindinakumane nawo maso ndi maso mpaka lero. Sindiwatchula dzina chifukwa sakonda zoonekera, koma Mayi, mukawerenga izi kudzera mwa otimasulira, mudziwe kuti ndikunena inuyo. Nditawatumizira ntchito yanga yoyamba, ndili wonyada kuti miyezi yonse yalembedwa m'Chiamhariki, chinenero cha kwawo, anandiyankha mofatsa kuti ayesa kusankha tsiku limene mwana wawo anabadwa, koma sakulipeza. Mwanayo anabadwa m'mwezi wa Pagume. Kalendala ya ku Ethiopia ili ndi miyezi 12 ya masiku 30 uliwonse, kenaka pamabwera kamwezi ka 13, kotchedwa Pagume, ka masiku asanu, kapena asanu ndi limodzi kamodzi pa zaka zinayi zilizonse. Chaka chawo chimayamba ndi mwezi wa Meskerem, nthawi zambiri pa 11 Seputembala, ndipo chiwerengero cha zaka chili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8, moti pa 11 Seputembala 2024 iwo ankalowa m'chaka cha 2017. Ine ndinali nditangomata maina awo pa miyezi yathu, ngati kuveka mbuzi chikopa cha nkhosa.

Kuwonjezera mwezi umodziwo kunagwetsa pafupifupi chilichonse. Mu JavaScript, chinenero cholembera mapulogalamu a pa intaneti, miyezi imawerengedwa kuyambira pa 0 kulekezera pa 11, ndipo ukapereka 12 pulogalamu imangodumphira ku Januwale wa chaka chotsatira popanda kukuchenjeza. Mayi aja anakhala nane pa intaneti mausiku ambiri, kwawo nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi, kundisonyeza mmene Intl.DateTimeFormat, chida cha mu JavaScript cholembera madeti, imaonetsera tsiku pa kalendala ya ku Ethiopia pogwiritsa ntchito zimene bungwe la Unicode linasonkhanitsa mu CLDR, nkhokwe ya kalembedwe ka madeti m'zinenero zosiyanasiyana. Iwo ndiwo anaumirira kuti mu database, mosungira zimene anthu alemba pa fomu, tizisunga tsiku m'njira imodzi yokha, ya ISO 8601, chaka kutsogolo, mwezi pakati, tsiku kumapeto, ndipo kalendala ya munthu aliyense izibwera pokhapokha pomuonetsa. Magetsi akandithawira, ankadikira. Tsiku lina anadikira maola atatu, ndipo nditabwereranso sanafunse kanthu, anangopitiriza pamene tinalekezera.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti Chichewa changa chomwe chinandivuta. Pamwamba pa kakalendala pamakhala timabokosi tisanu ndi tiwiri ta masiku a pamlungu, ndipo pa foni timakwana chilembo chimodzi kapena zitatu. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu onse amayamba ndi L, ndipo anayi mwa iwo amafanana mpaka chilembo chachisanu. Ndinaganiza zolemba manambala, kuti 2 aziimira Lachiwiri, koma mnzathu wa ku Tete anandiletsa msanga, chifukwa m'Chipwitikizi segunda-feira, tsiku lachiwiri, ndi Lolemba, ndipo munthu wa ku Angónia, boma la m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene amalankhula zinenero zonse ziwiri akanatha kubwera kutatsala tsiku limodzi. Achimwene, zikomo chifukwa chosaopa kundiuza kuti nzeru yangayo inali yolakwika. Pamapeto pake tinatenga zilembo za m'kati mwa mawu, monga Lem, Wir ndi Tat, ndipo amayi anga ndi amene anali oyamba kuyesa pa foni yawo. Anawerenga onse asanu ndi awiri osakakamira, kenaka anandifunsa chifukwa chake ntchito yophweka chonchi yanditengera miyezi inayi. Maina a miyezi, kuyambira Januwale mpaka Disembala, tinawalemba tokha, chifukwa browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imene tinkayesera inkabweza Chingerezi tikaipempha Chichewa.

Vuto lomaliza linatulukira kutatsala masiku ochepa. Munthu akasankha pa 5, mu database munkalowa pa 4, chifukwa pulogalamu inkatenga pakati pa usiku wa ku Lilongwe n'kuusandutsa nthawi ya UTC, yoyendera dziko lonse lapansi, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri, ndiye tsiku linkabwerera dzulo lake. Ndinafufuza masiku awiri osapeza kanthu, ndipo ndivomere kuti ndinagwada pansi m'chipinda muja n'kupempha Ambuye kuti andipatse maso ena. Amene analipeza ndi Mayi omwe aja, pa Loweruka, tsiku limene sankayenera n'komwe kugwira ntchito. Mulungu akudalitseni, Mayi, adalitsenso mwana wanu wa m'Pagume, amene tsiku lake lobadwa ndalisankha kambirimbiri poyesa pulogalamuyi moti tsopano ndikulidziwa pamtima kuposa la mphwanga.

Ndithokozenso akazi anga, amene anapirira kudya okha chakudya chamadzulo, ndi achinyamata awiri a mu ofesi amene anayesa kakalendalaka pa mafoni akale mpaka maso kufiira. Kwa iwo amene analonjeza kuti athandiza kuyesa koma mafoni awo anasiya kugwira mu Meyi, ndaona kuti dzulo mafoniwo anachira mwadzidzidzi pa nthawi yojambulitsa, ndipo ndakondwera kuti muli moyo. Sindisunga mangawa, koma ndikukumbukira bwino amene ankanena pa msonkhano kuti anthu a ku Ethiopia angozolowera kalendala yathu.

Pali mawu akuti chaka chamawa tiwonjezere Chiarabu, chimene chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, kotero kuti mivi yosinthira mwezi iyenera kutembenuka, ndipo kwina mlungu umayamba Loweruka. Ndawauza kale akuluakulu kuti sindiyamba ntchito imeneyo pokhapokha Mayi aja atakhalapo, ndiponso kuti ulendo uno alipidwe maola awo onse, kuphatikizapo atatu aja amene anandidikira mumdima.