Zikomo nonse, koma makamaka agogo a ku Ekwendeni

Zatheka abale anga. Dzulo masana andiuza kuti ndakhoza, PhD ya mbiri yakale ija yatha, ndipo mpaka pano miyendo ikunjenjemerabe. Zaka 7 zathunthu. Za matenda aja ndi za laputopu yobedwa ija mukuzidziwa kale, sindibwerezanso. Ambuye, Inu nokha mukudziwa kuti ndinafuna kusiya kangati.

Mayi a ana anga, zikomo. Geni yanu ya kaunjika ndiyo inkalipira basi ya ku Zomba kuti ndikafufuze mapepala ku National Archives, ndipo simunandiwerengerepo ndalama ngakhale tsiku limodzi. Aphunzitsi anga ondiyang'anira, inki yanu yofiira inkandiliza, koma lero ndikuithokoza.

Koma mtima wanga uli pa agogo a ku Ekwendeni. Dzina lawo ndinalonjeza kusalitchula ndipo sindidzalitchula.

Funso limene linkandisowetsa tulo linali lakuti: mnyamata wokulira mu Sande sukulu amafika bwanji poona kumenya munthu wosabwezera ngati uchamuna? Mapepala anandiuza zaka zokha. Gulu la Apayoniya (Malawi Young Pioneers), la achinyamata a chipani cholamula cha MCP, linayamba mu 1963. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 atakana kugula makhadi a chipani, ndipo mu 1972 anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, nyumba zawo zitatenthedwa. Ozunzidwa ndinawapeza ndipo anandiuza zambiri. Apayoniya amene anagwira ndodo ndiwo ankasowa. Aliyense ankati iye anali wa ku munda, ankangolima chimanga ku besi.

Agogo okha ndiwo sanabise. Maulendo atatu oyamba tinangocheza za mvula ndi mtengo wa feteleza. Ulendo wachinayi, kukuzizira kwa mu Julaye kuja, tili pakhonde, anaika kapu ya tiyi pansi chifukwa dzanja linkanjenjemera, n'kunena kuti, "Mwana wanga, yatsa kafoni kakoko, ndisafe nazo." Anandiuza za bambo wina amene anamumenya pamaso pa ana ake, bamboyo akungopemphera. Anati chimene ankaopa tsikulo sichinali Mulungu kapena boma, koma kusekedwa ndi anzake kuti ndi wamantha ngati mkazi. Lamulungu lotsatira anapita ku tchalitchi n'kuimba nawo kwaya. Titamaliza tonse tinali chete, nkhuku zokha zikutola nyenyeswa za chinangwa pafupi ndi mapazi athu.

Chaputala chachinayi chonse chaima pa tsiku limenelo. Dzulo ondiyesa anakhalitsa pomwepo, ndipo poyankha ndinkangomva mawu a agogo m'makutu.

Ndi iwonso amene anandiyendetsa muno mu Mzuzu, ndodo m'manja, kundifotokozera za Disembala 1993, pamene Apayoniya anawombera asilikali a ku Moyale Barracks ndipo Operation Bwezani, ntchito ya asilikali yolanda zida za Apayoniya, inayambika. Iwo n'kuti atasiya kale upayoniya, koma anati usiku umenewo anakumba pansi n'kukwirira chithunzi chawo cha yunifolomu. Nditagona m'chipatala anakwera minibasi okha, munthu wa zaka zoposa 70, kudzandiona atanyamula nthochi m'kajumbo. Ena amene tinkadyera limodzi, amene munkati "zofukula zakalezi zidzakudyetsa chiyani", ngakhale uthenga wa pa foni sindinauone. Lero mwayamba kundiitana kuti dokotala. Ndamva, zikomo.

Sindikuwayeretsa agogo, ndipo iwonso sanafune kuyeretsedwa. Banja limene analizunza lija analifunafuna zaka zambiri kuti akapepese, osalipeza. Anandipempha kuti m'bukumo ndisafewetse kalikonse, ndipo sindinafewetse.

Anatisiya chaka chatha nthawi ya dzinja, ntchito isanathe. Ambuye achifundo, alandireni, ndipo mutonthoze banja lija kulikonse kumene lili.

Loweruka m'mawa ndikupita ku Ekwendeni kukapereka buku limodzi kwa agogo aakazi. Sadziwa Chingerezi, choncho ndikawawerengera ndekha m'chinenero chathu, pakhonde pomwe paja. Amene mukufuna kundiperekeza, tikumane pa depoti 7 koloko.