Mzere wachitatu ndi umene wandipulumutsa pa nkhani ya Israel ndi Palestine

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Gawo la uchigawenga ndi kuthana nawo pa mkangano wa Israel ndi Palestine limandizunguza mutu chiyambireni teremu ino, osati chifukwa chosowa zowerenga, koma chifukwa zonse zimangooneka ngati chinthu chimodzi chobwerezabwereza: awa aphulitsa, awo abwezera, awa abwezeranso. Ukaloweza zaka khumi za zimenezi umakhala ngati waloweza zonse, koma funso likabwera loti ufotokoze chifukwa chake, ulibe choyankha. Sabata ino zatseguka, ndipo ndikulemba msanga ndisanaiwale m'mene zalowera.

Za nkhondo za 1948 ndi 1967, zoti PLO (bungwe lalikulu loimira Apalestina) ndi chiyani ndi kusiyana kwake ndi Hamas (gulu la Chisilamu la Apalestina), sindibwereza, nonse munalemba kale mayeso a pakati pa teremu.

Ndinatenga pepala lalikulu n'kujambula mizere itatu yotsika. Woyamba ndi wa chiwembu, tsiku ndi amene anachita. Wachiwiri ndi wa kubwezera kwa boma. Mizere iwiriyi aliyense ali nayo m'kope mwake. Wachitatu ndi wa zimene zinkachitika pa ndale sabata imeneyo kapena mwezi umenewo: zokambirana, chisankho, mkangano wa utsogoleri m'kati mwa gulu. Ukangodzaza mzere wachitatuwo, umaona kuti bomba limapha anthu ena koma uthenga wake umapita kwa anthu ena. Nthawi zambiri wouzidwayo si mdani ayi, ndi anthu a mbali yako yomwe, makamaka amene akufuna kukhala pansi ndi mdaniyo. Zili ngati mayi amene akukalipira nkhuku mokweza pabwalo kuti mnansi amve, kungoti apa pakufa anthu enieni, okwera basi ndi opemphera.

Taonani 1994 mpaka 1996, pamene ine zinandigwirira. Rabin, nduna yaikulu ya Israel, ndi Arafat, mtsogoleri wa PLO, agwirana chanza ku Washington mu September 1993 pa pangano la mtendere la Oslo. Pa 25 February 1994, Baruch Goldstein, Myuda wokhala ku Kiryat Arba, alowa mu mzikiti wa Ibrahimi ku Hebron n'kupha Apalestina 29 ali pa mapemphero. Sanatumidwe ndi boma la Israel, ndipo anali wa gulu la Kach lomwe limadana ndi pangano la Oslo. Pa 6 April, atangotha masiku 40 a maliro, Hamas iphulitsa bomba la wodzipha nalo ku Afula, anthu 8 afa. Mizere iwiri yoyamba ingakuuzeni kuti uku kunali kubwezera Hebron, ndipo n'zoona. Koma mzere wachitatu ukuonetsa kuti pangano lopereka Gaza ndi Jericho kwa Arafat linali pafupi kusainidwa, ndipo linasainidwadi ku Cairo pa 4 May. Pa 19 October chaka chomwecho basi iphulika mumsewu wa Dizengoff ku Tel Aviv, anthu 22 afa, patatsala sabata imodzi kuti Israel ndi Jordan asaine mtendere pa 26 October. Pangano lachiwiri la Oslo lisainidwa mu September 1995, ndipo pa 4 November Yigal Amir, Myuda mnzake, awombera Rabin.

Goldstein ndi Amir ankadana kotheratu ndi Hamas, koma ntchito imene ankagwira inali imodzi. Aliyense ankauza anthu a kwawo kuti atsogoleri awo akuwagulitsa, ndipo ankauza a mbali inayo kuti munthu amene mukukambirana nayeyo sangathe kuletsa anthu ake. Uthenga wachiwiriwu ndi woopsa kwambiri, chifukwa umapha chikhulupiriro ngakhale Arafat kapena Rabin akhale woona mtima chotani.

Chimene sindinkayembekezera n'choti mzere wachitatuwu umagwiranso ntchito pa boma. Pa 5 January 1996 akazitape a Shin Bet, bungwe la chitetezo la Israel, anapha Yahya Ayyash, katswiri wopanga mabomba wa Hamas, ndi foni yam'manja yomwe anaikamo bomba ku Beit Lahia ku Gaza. Ayyash anali ndi magazi ambiri m'manja, palibe wokana. Koma taonani nthawi yake. Panali patangopita miyezi iwiri Shin Bet yomweyo italephera kuteteza nduna yaikulu, moti mkulu wake Carmi Gillon anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa Ayyash ataphedwa. Shimon Peres, yemwe analowa m'malo mwa Rabin, anali kulowera ku chisankho anthu akumunena kuti ndi wofewa. Kumapeto kwa February ndi kumayambiriro kwa March mabomba anaphulika ku Jerusalem, Ashkelon ndi Tel Aviv, anthu pafupifupi 60 anafa m'masiku osakwana khumi. Peres, yemwe anali patsogolo kwambiri Rabin atangophedwa, anagonja kwa Netanyahu pa 29 May ndi mavoti pafupifupi 30,000 okha. Kodi kupha Ayyash kunali kuteteza anthu kapena kulankhula kwa ovota? Ine ndikuti zonse ziwiri, ndipo amene amangoona chimodzi ndiye amene amasokonezeka ndi zotsatira zake.

Nditaona zimenezi ndinayamba kubwerera m'mbuyo ngati wopenga, ndipo pena paliponse zikukwanira. September 1948, gulu la Ayuda la zida lotchedwa Lehi lipha Folke Bernadotte, mkhalapakati wa United Nations, pamene ankabweretsa mfundo zake zogawa malo. M'modzi mwa atsogoleri a Lehi anali Yitzhak Shamir, yemwe anadzakhala nduna yaikulu mu 1983. June 1982, kazembe wa Israel ku London, Shlomo Argov, awomberedwa, ndipo patatha masiku atatu Israel ilowa mu Lebanon kukathamangitsa PLO. Koma amene anawombera anali anthu a Abu Nidal, mdani wa Arafat, yemwe Fatah, gulu la Arafat, inali itamuweruza kale kuti aphedwe. March 2002, bomba la ku hotela ya ku Netanya lipha anthu 30 pa chakudya cha Pasaka, tsiku lomwelo atsogoleri a maiko a Aluya atasonkhana ku Beirut kukambirana mfundo za mtendere zochokera ku Saudi Arabia. Kunena zoona, ndikuona ngati njira ya mizere itatuyi ikhoza kumasulira nkhondo iliyonse ya mtundu uwu, Ireland kapena Sri Lanka, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake sayamba nayo tsiku loyamba la kalasi.

Apa ndiye pondiwawa. Aphunzitsi athu anathera theka la teremu pa matanthauzo, uyu anati uchigawenga ndi chakuti, bungwe lakuti linati ndi chakuti, ife n'kumakopera. Pofika pa nkhani zenizeni nthawi inali itatha, ndiye chiwembu cha ku Olimpiki ya Munich mu 1972, ndege yolandidwa ya ku Entebbe mu 1976 ndi Intifada (kuukira kwa Apalestina) zonse ziwiri tinadutsamo ngati tikuthawa mvula. Ukafunsa funso amati kawerengeni. Tikawerenge nthawi yanji, ndi ma asainimenti a maphunziro ena onsewa, magetsi akuzimazima, bandulo ikutha usanatsitse n'komwe pepala limodzi? Ndipo kalasi ikangofika pa mutu uwu imasanduka bwalo la mpira. Ena akuti Israel ndi fuko losankhidwa basi nkhani yatha, ena akuti Apalestina sangalakwe chifukwa ndi oponderezedwa. Aphunzitsi poopa phokoso amangothawira ku matanthauzo aja. Palibe amene anatiuzapo kuti lamulo limene Israel imagwiritsa ntchito pogwetsa nyumba za mabanja a ochita ziwembu ndi la Angerezi amene ankalamulira Palestine, Regulation 119 ya mu 1945, ya m'malamulo omwewo amene atsamunda ankasakira nawo magulu a Ayuda ngati Irgun. Ndinazipeza ndekha. Ndinapezanso kuti mu 2005 komiti ya asilikali a Israel omwewo inaona kuti kugwetsa nyumbako sikuletsa ziwembu mokwanira, ndipo anasiya, koma mu 2014 anayambiranso. Ngati asilikali eni ake anakayikira, ndiye kuyambiranso kunali kulankhula kwa yani? Mzere wachitatu womwe uja.

Pali malo amene pepala langa likundivuta, ndipo sindibisa. Mabomba a odzipha nawo anachepa kwambiri pambuyo pa 2002 ndi 2003, Israel itabwezeretsa asilikali m'mizinda ya West Bank, itayamba kumanga khoma lotchinga West Bank ndi kupha atsogoleri a Hamas monga Salah Shehade ndi Sheikh Ahmed Yassin. Apa si uthenga chabe, pali china chimene chinagwiradi ntchito pa nkhani yoletsa mabomba m'mabasi, ngakhale bomba limene linapha Shehade linaphanso anthu ena 14, ana ambiri mwa iwo, ndipo khoti la ku The Hague linanena mu 2004 kuti khomalo likuphwanya malamulo a dziko lonse pamene likudutsa m'malo a Apalestina. Komanso Hamas inali kusintha njira, kulowera ku chisankho cha 2006 ndi ku maroketi, ndiye kodi khoma ndi limene linaletsa, kapena iwo anangosankha china?

Ndiye pali 7 October 2023, tsiku limene Hamas inaukira Israel. Mu mzere wachitatu ndalemba zokambirana za Israel ndi Saudi Arabia zimene zinali m'kati nthawi imeneyo, ndipo zikukwanira bwino lomwe, mwina bwino mopitirira. Anthu pafupifupi 1,200 ophedwa tsiku limodzi, pafupifupi 250 otengedwa, kenako zikwi makumi angapo za anthu ophedwa ku Gaza. Ndikayang'ana manambala amenewa, mawu oti uthenga akundichepera m'kamwa. Mwina pena munthu amapha chifukwa cha chidani ndi mantha basi, popanda womvera aliyense. Pa mayeso ndilemba za 1996, chifukwa pamenepo ndikudziwa chimene ndikunena. Za 2023 sindikudziwa ngati pepala langali likuzifotokoza kapena likungondithandiza kuti ndisaziyang'anitsitse.