Chaja ya galimoto pakhomo: ntchito ya sabata ino ku Kasungu

Ntchito yanga ya masiku onse ndi kulowetsa mawaya m'nyumba zatsopano, kukonza mapampu a madzi ndi kuika sola. Koma chiyambire kusowa kwa mafuta, anthu n'kumagona pamizere ndi zigubu, kuno ku Kasungu kwayamba kuoneka galimoto zotchaja pamagetsi, ndipo eni ake akutifuna ife amisiri.

Lolemba ndinaitanidwa ndi bambo wina wogula soya ndi mtedza. Anali atangolandira Mitsubishi Outlander PHEV yakale pang'ono kuchokera ku Japan, yodzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Galimotoyi ili ndi injini ya petulo komanso batire la 12 kWh lotchaja pamagetsi a m'nyumba. Mwana wawo wa ku Johannesburg anali atawatumizira pa WhatsApp chithunzi cha chaja ya pakhoma ya 22 kW, akuti angovomera iye atumiza.

"Amisiri, ndikufuna yamphamvuyi, galimoto izidzadza msanga," anatero.

"Bwana, tiyambe taona galimotoyo," ndinawayankha.

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Bokosi la pakhoma limangopereka magetsi ndi kuteteza. Chipangizo chimene chimawasandutsa kuti alowe m'batire chili m'kati mwa galimoto, ndipo cha Outlander chimalandira pafupifupi 3.5 kW basi. Botolo limalandira madzi molingana ndi kukamwa kwake, mpopi ukule bwanji. Ndiye kaya mwagula ya 7 kW kaya ya 22 kW, batire lidzadzabe m'maola pafupifupi 4. Chinanso, 22 kW imafuna three phase, magetsi obwera pa mawaya atatu a moto, pamene nyumbayo ili pa single phase, ya waya mmodzi wa moto. Nditatsegula kachitseko kotchajira ndinawaonetsa kuti pali soketi ya mtundu wa Type 1, ya mano 5, imene galimoto za ku Japan zimabwera nayo. Chaja ya m'chithunzi ija inali ndi chingwe cha Type 2, cha mano 7, chosalowa n'komwe pamenepo. Anamuimbira mwanayo ndili pomwepo.

Tsiku limene linandigwira mtima ndi Lachiwiri, pamene ndinkayendera nyumba. Chibwerereni galimotoyo ankaitchaja pa soketi ya m'galaja podzera pa ekisitenshoni yopindidwa pansi pa matumba a soya. Chingwe chobwera ndi galimoto chalembedwa 200V ndi 15A, poti anachipangira ku Japan. Athu kuno ndi 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imathera pa 13A. Wina wake anali atadula pulagi ya ku Japan n'kumangirira yathuyi. Nditaizula ndinapeza m'mbali mwa dzino limodzi mwachita chikasu chopserera, pulasitiki yafewa, fungo lake likumveka. Ndinaitana mayi a m'nyumbamo kuti adzaone ndi maso awo, ndipo anagwira pakamwa. Chipinda cha ana chagundizana ndi galajayo.

Anthu amati soketi yomweyo imapirira ketulo. Inde, koma ketulo imawira mphindi zochepa n'kuzima, pamene galimoto imakoka magetsi maola ambiri osapuma, kawirikawiri usiku aliyense ali m'tulo. Paliponse pamene waya sanamangidwe bwino pamatentha pang'onopang'ono mpaka kugwira moto.

Pa DB, bokosi logawira magetsi m'nyumba, panalibe RCD, chija chimadula magetsi akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Kuseri kwa nyumba ndinafukula ndodo ya earth, imene imalowetsa m'nthaka magetsi otayika, ndipo ndinapeza kachitsulo kafupi kadzimbiri, waya wake atasomphoka kalekale. Galimoto ndi chitsulo chokhachokha, ndipo munthu amaigwira ataponda pansi, mwina opanda nsapato, mwina kukugwa mvula. Ine chaja sindiika panyumba yopanda earth yabwino, ngakhale mwini wake akwiye.

Lachitatu ndinakwera basi ya ku Lilongwe kukagula katundu. Ndinasankha bokosi la 16A, la 3.6 kW, lokhala ndi chingwe chake cha Type 1, lotha kutsitsidwa mpaka 10A, komanso lodzizimitsa lokha pakatayika magetsi a DC, a mtundu wa m'batire, opitirira 6 mA. Ndinatenganso breaker ya 20A yodula magetsi akachuluka, RCD ya Type A ya 30 mA, surge protector poti mphezi za dzinja kuno si zamasewera, ndi waya wa 4 mm² chifukwa galaja ili patali ndi DB. Waya ndimayamba ndamupala ndi mpeni ndisanalipire. Akaonetsa kuyera m'kati ndiye kuti ndi aluminiyamu wongopaka kopa, ndimamusiya.

Lachinayi m'mawa ndinathamangira kuchigayo china kumene mota inkangozima, kenako ndinabwerera. Ine ndi mnyamata wondithandiza tinakoka waya wakewake m'paipi kuchoka pa DB, wosagawana ndi firiji kapena china chilichonse. Chotitopetsa chinali earth. Dothi la kuno ndi lamchenga, nyengo ino lauma gwa, moti ndodo imodzi mita yoyezera earth inakana. Tinakhoma ina motalikirana, n'kuzilumikiza, mpaka muyeso unatsika pofika pamene ndinakhutira.

Mafunso anzeru kwambiri anachokera kwa mayi aja Lachisanu, tikupachika bokosi pakhoma losafika dzuwa ndi mvula. "Nanga magetsi akazima pakati pa usiku, achimwene, wina azidzuka kukayatsanso?" N'chifukwa chake sindinatenge zija zodalira intaneti ndi foni. Ili limayambiranso lokha magetsi akabwera. Anafunsanso ngati angamatchajire pa sola yawo. Inveta yawo ndi ya 3 kVA, batire la 5 kWh, ndipo galimoto kuti idzaze imafuna mayuniti pafupifupi 10. Ingakhuthule batire lonse, nyumba n'kukhala mumdima, galimoto isanadzaze. Chaja ndinaiika mbali ya ESCOM yokha. Akadzawonjezera mapanelo ndi inveta yaikulu, kutchaja masana dzuwa lili paliwombo kudzatheka.

Loweruka tinayesa zonse, galimoto n'kudzaza tisanadye nsima yamasana. Ndinawauza bambowo mosabisa kuti batire lakale silifika makilomita opitirira 50 amene ankalengeza ili yatsopano. Kuzungulira m'tauni ndi kuminda yapafupi azitha pamagetsi, koma ulendo wa ku Lilongwe petulo azimwetsabe. Mayi, amene amagula mayuniti m'nyumbamo, ndinawaphunzitsa kudina batani loyesera RCD ndi kukhudza chingwe ngati chikutentha. Ndinawasiyira pepala la miyeso yonse lokhala ndi nambala ya laisensi yanga ya MERA, ndipo chingwe cha ku Japan chija ndinachichotsa pulagi kuti wina asadzachigwiritsenso ntchito.

Sabata yamawa ndikupita ku Mtunthama kukaona Toyota Prius PHV ya mphunzitsi wina, ya batire la 8.8 kWh. Ndamuuza kale kuti asagule kanthu ndisanaone DB yake.