Ku Lakewood, kumene nyumba zilibe mipanda kutsogolo

Tsiku langa lachiwiri ku California, mlamu wanga anandikalipira chifukwa cha chikwama. Tinaima pa Lakewood Center, malo a masitolo ambiri, kuti tigule ndiwo, ine n'kungochisiya pampando wa galimoto. "Alamu, mukufuna atiswere galasi? Ponyani kubuti icho." Ndinaponya, koma mumtima ndinali ndi kafunso: kunonso amaba?

Lakewood ili pafupi ndi Long Beach, chakum'mwera kwa Los Angeles. Nyumba zake n'zandanda, zofanana ngati mapasa, kutsogolo kapinga yekhayekha, popanda mpanda wanjerwa kapena geti. Kale malowa anali minda ya nyemba. Kuyambira 1950, m'zaka zitatu zokha, anamangapo nyumba pafupifupi 17,500. Ambiri ogula anali asilikali obwerera ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, omwe boma linawathandiza kupeza ngongole, ndipo ntchito inalipo pafupi, kufakitale yopanga ndege ya Douglas. Anthu ankakhamukira ku California ngati ngumbi. Mu 1940 kunali anthu 6.9 miliyoni, pofika 1960 anakwana 15.7 miliyoni.

Amene ananditsegula maso ndi agogo oyandikana ndi alamu anga. Anabwera kuno ali kamtsikana, msewu wawo usanamere mtengo ndi umodzi womwe. Tinakhala pakhonde, iwo akusisita galu wawo wokalamba.

"Amayi sankakhoma chitseko," anatero. "Abambo kiyi ankagona m'galimoto. Ine ndikukwatiwa, chitseko chinali ndi maloko awiri."

Ndinkayesa anena kuti umbava unakula chifukwa cha umphawi. Ayi ndithu. Iwo akuti akuba anatsata chuma. M'nyumba iliyonse munalowa TV, wailesi zazing'ono zoti munthu n'kubisa m'jekete, pakhomo njinga ndi galimoto. Amayi ambiri atayamba ntchito, masana nyumba zinkakhala zokhazokha. Ana onse aja obadwa nkhondo itangotha anafika paunyamata nthawi imodzi, m'ma 1960. Misewu ikuluikulu nayo inathandiza wakuba kuthyola nyumba kuno, pakatha theka la ola ali tauni ina. Ndiye poti aliyense anali wobwera, wina wa ku Iowa, wina wa ku Oklahoma, ukanamudziwa bwanji mlendo? Ndinakumbuka maeriya atsopano a ku Lilongwe, kumene munthu amatha chaka osadziwa dzina la neba wake.

Umbava wothyola nyumba unakwerabe mpaka cha m'ma 1980, wakuba magalimoto mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pofika 1970 boma la America linali litalamula kuti magalimoto atsopano azikhala ndi loko yoti ukazula kiyi isayende, komanso kabelu kokumbutsa dalaivala akaiwala kiyi. Mu 1972 munayamba Neighborhood Watch m'dziko lonse, dongosolo loti anthu oyandikana aziyang'anirana nyumba. Zikwangwani zake ndinaziona m'makona, zojambulidwa munthu wachipewa ndi chikhoti. Lakewood ilibe polisi yakeyake, chiikhazikitsireni mu 1954 imalipira apolisi a Los Angeles County kuti aziilondera.

Madzulo tikudya, foni ya alamu anga inalira. Ndi kamera ya pachitseko. Onse tinasiya mbale n'kuunjikana pafoni. Anali agogo aja, atanyamula phukusi lathu lomwe linasiyidwa pakhonde masana. Akuti analitenga kuti lisaonedwe ndi odutsa.