Mmene ndinapezera chilolezo chokafufuza za Vimbuza

Ife ophunzira anthropology, maphunziro a chikhalidwe cha anthu, sitimaliza digiri osapita kumudzi kukachita kafukufuku. Ine ndinasankha Vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka yemwe bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2005, chaka chimodzi ndi Gule Wamkulu. Ndinkaganiza kuti vuto lidzakhala kulemba. Kumeneko kunali kudzinamiza.

Poyamba ndinalemba proposal, dongosolo la kafukufuku wanga, supavaiza wanga naibweza katatu. Itadutsa, inapita ku komiti yoona kuti kafukufuku sakupweteka anthu, ija timangoti ya ethics. Kumeneko amafuna mafunso onse amene ukafunse, ndiponso fomu yoti wofunsidwa asaine kuti wavomera. Fomu yangayo inali m'Chingerezi ndi m'Chichewa basi. Anandiuza kuti popanda ya Chitumbuka ndisavutike n'kubweranso. Mnzanga wa ku Rumphi anandimasulira, mnzake wina n'kuibwezeranso m'Chichewa kuti tione ngati tanthauzo silinasokonekere. Mawu oti "chinsinsi" okha anatidyera madzulo athunthu.

Kalata ya chilolezo ya komitiyo itatuluka ndinapita nayo ku ofesi ya DC, anadinda, ndipo ndinaona ngati ndamaliza. Lachisanu m'mawa, kuli kamvula kamawawa ka ku Mzuzu kaja, ndinakwera minibasi ya ku Ekwendeni, kenako kabaza mpaka pakhomo pa nchimi, sing'anga wa Vimbuza amene ndinamumvera mbiri. Agogowo anandipatsa mpando, anaiyang'ana kalatayo mosaigwira, n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, kwa amfumu mwadzera?" Sindinadzereko. Ndinabwerera ndi manyazi, ndalama ya kabaza itapita pachabe.

Njira yake ndi iyi, ndipo musaidumphe. Mumayamba kwa mfumu yaikulu ya dera, iyo imakutumizani kwa agulupu, agulupu kwa anyakwawa, ndipo anyakwawa amakupatsani munthu wokuperekezani. Sumalankhula ndi mfumu uli chiimire, komanso sumangoyamba ndi nkhani yako. Nduna ya mfumuyo ndi imene imakufotokozera nkhaniyo kwa mfumu. Kunyamula kenakake m'manja ndi ulemu, koma funsani kaye nduna kuti choyenera n'chiyani. Zonsezi zinanditengera masabata awiri.

Nditabwereranso, agogo aja anandilandira ngati mdzukulu. Koma fomu ija anakana kusaina. Anati dzina lawo sililembedwa pa pepala la munthu amene sanagonepo pakhomo pawo. Mwamwayi komiti inali italola kuti munthu avomere pakamwa, choncho ndinawawerengera fomu yonse m'Chitumbuka changa chopunduka, iwo n'kuvomera ndikujambula mawu pafoni, wondiperekeza uja ali mboni.

Usiku umenewo ng'oma zinayamba cha m'ma 9. Amuna akuimba ng'oma, amayi ndi ana atazungulira akuomba m'manja ndi kuyimba, mayi wodwala ali pakati. Mzimu utamugwira, mayiyo anayamba kunjenjemera mapewa, timabelu ta m'miyendo tikulira motsatana ndi ng'oma. Dzanja langa linapita lokha m'thumba kukatenga foni. Wondiperekeza anandigwira pamkono. "Achimwene, agogo avomera zawo. Mayi awa mwawafunsa?"

Ndinawafunsa m'mawa mwake, atadzuka ndi kumwa phala. Anavomera kucheza nane, koma chithunzi anakana, ndipo mu lipoti langa muli dzina lina, osati lawo.