Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Mwala Wakuda wa ku Westminster

M'gawo lapita ndinalekezera pomwe tinamaliza sabata yoyamba ya maphunziro athu ku London, thupi lili lefu, maso akuwawa ndi kompyuta. Atatiuza kuti Loweruka ndi Lamulungu tipume, anzanga ambiri anapangana zokagula zovala ku Oxford Street. Ine ndinali ndi malo amodzi okha mumtima, omwe ndinayamba kuwalakalaka ndili mwana wa sukulu.

Loweruka ndinalawirira. Ndinakwera sitima ya pansi pa nthaka, yomwe njanji yake yoyamba inatsegulidwa mu 1863, n'kutsikira pa Westminster. Nditangotulukira kunja, nsanja ya wotchi ija inali njo pamaso panga. Moyo wanga wonse ndinkaitchula kuti Big Ben, osadziwa kuti dzinalo ndi la belu lomwe lili mkati mwake, lolemera matani oposa 13, ndipo nsanjayo payokha imatchedwa Elizabeth Tower kuyambira mu 2012. Ndinadikira kuti lilire. Litalira, sindinalimve m'makutu mokha, linanjenjemera mpaka m'chifuwa.

Koma chomwe ndinadzukira chinali kutsidya kwa msewu, ku Westminster Abbey, tchalitchi chomwe mafumu a ku England akhala akuvekedwerako ufumu kuyambira mu 1066. Muli anthu oposa 3,000 oikidwa m'menemo, ndipo ambiri agona pansi pomwe anthu amaponda. Zimenezi zinandivuta kwambiri. Ndinkayenda monyang'ama, kulambalala mayina, pomwe ena amangodutsapo ndi nsapato zawo. Manda amodzi okha ndi omwe saponda munthu, a msilikali wosadziwika dzina wa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, yemwe anaikidwa mu 1920 pafupi ndi khomo la kumadzulo. Awazunguliza ndi maluwa ofiira.

Ndinafunsa bambo wina wachikulire wogwira ntchito m'tchalitchimo. "Pepani bambo, kodi David Livingstone agona pati?" Sanangondilozera ndi chala. Anandiperekeza mpaka pakati pa tchalitchi, n'kuima pambali kuti ndione ndekha.

Ndi mwala wakuda wafulati, wolingana ndi pansi, zilembo zake zachitsulo zitasalala ndi mapazi a anthu. Ndinawerama n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono. Mawu oyamba akunena kuti anabweretsedwa ndi manja okhulupirika pamtunda ndi panyanja. Ndinabwereza mzere umenewo katatu, kenako ndinawerenga mwala wonse mpaka pansi, ndikufunafuna mayina a eni manjawo. Palibe ngakhale limodzi.

Owerenga anga, ndiloleni ndiwatchule pano. Livingstone anamwalira mu May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dera lomwe lero ndi Zambia. Anthu omwe ankayenda naye, motsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, ndipo Jacob Wainwright, yemwe ankadziwa kulemba, anazokota dzina la Livingstone pamtengopo. Thupi analithira mchere, kuliyanika padzuwa, kulikulunga m'nsalu ndi m'khungwa, n'kulimangirira pamtengo woti anthu awiri azinyamula. Anayenda nalo makilomita oposa 1,500, miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, mpaka kufika ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, mu February 1874. Ena mwa iwo anadwala n'kutsala m'njira, osabwereranso kwawo. Taganizani, palibe anawalamula. Akanatha kumuika pomwepo n'kubalalika, aliyense njira yake, ndipo palibe akanawaimba mlandu.

Pamaliro, pa 18 April 1874, Wainwright anali mmodzi mwa onyamula bokosi m'tchalitchi momwe ndinaimamo. Susi ndi Chuma panalibe. Anafika ku Britain mwambo utatha kale, kudzathandiza kulongosola zolemba zomaliza za malemuyo, chifukwa ndiwo ankadziwa njira zonse, mitsinje yonse ndi zomwe zinachitika m'masiku ake otsiriza.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, misozi ili lengelenge. Anthu ankandidutsa uku ndi uku, zomvera m'makutu, kuthamangira kukaona manda a mafumu. Bambo uja anabwerera n'kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinamuuza za mayina osowawo. Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana mwalawo limodzi nane, osanena kanthu. Ndinamuthokoza mumtima chifukwa cha chete ameneyo.

Zotsala za tsikulo ndinaziona ngati ndili m'maloto: Trafalgar Square ndi mikango yake inayi, mpanda wa Buckingham Palace, miyendo ikulira.

Lamulungu ndinakwera boti pamtsinje wa Thames, kudutsa pansi pa Tower Bridge, mpaka ku Greenwich. Ndinakwera kaphiri kopita ku Royal Observatory, komwe kuli mzere womwe mayiko anagwirizana mu 1884 kuti ndiwo poyambira kuyeza kum'mawa ndi kumadzulo. Nane ndinaima phazi lina uku lina uko, ndipo 1 koloko itakwana ndinaonerera mpira wofiira wa padenga ukutsika, monga wakhala ukuchitira kuyambira mu 1833 kuti oyendetsa zombo azikonzera mawotchi awo. Zinandisangalatsa ndithu, koma maganizo anali adakali pamwala uja.

Pobwerera, boti likudula madzi ndipo mphepo ikuluma zala, ndinatulutsa kapepala kolowera ku Westminster Abbey komwe kanatsala m'thumba la jekete. Kuseri kwake ndinalemba Susi, Chuma, Wainwright, n'kusiya mpata pansi pake wa enawo. Kapepalako ndili nako mpaka lero, m'kati mwa pasipoti yanga yakale.